Tchati cha Pakhoma ndi Pemphero Lalitali

Ana inu, khalani pansi. Iwe Upile, yamba waika foni yakoyo chafufumimba patebulo, pakuti ndakuona kale: ukamagwedeza mutu ngati ukundimvera, umakhala ukumvera anzako a ku Lilongwe. Dzulo munandiseka nonse pamene ndinapempha pepala lalikulu kuti ndikusonyezeni malire a munda wathu wa ku Malindi. Dalitso anati, "Agogo, masiku ano zimenezo timaona pafoni." Ndinavomera kuyang'ana. Munda wonse unali waung'ono ngati chikhadabo, ndipo chala changa chitangokhudza galasi, mtengo wa bwemba umene uli pamalire unathawira ku Mozambiki. Ine sindidana ndi zipangizo zanu. Ndingofuna mudziwe kuti agogo anu ndi munthu wa pepala lalikulu, ndipo pali chifukwa chake. Pepala lalikulu linandidyetsa zaka zambiri, linaphunzitsa makolo anu kulemba, ndipo tsiku lina linatsala pang'ono kunditsekeretsa m'ndende.

Tinkachitcha tchati. Unali mulu wa mapepala oyera, lililonse lotalika kuyambira paphewa langa mpaka pabondo, opanidwa kumutu kwake pakati pa matabwa awiri okhomedwa pakhoma. Matabwawo sankagunda khoma. Ankasiya mpata wokwana chikhatho, kuti ukadzaza pepala lapamwamba ulinyamule, ulipinde pamwamba pa matabwa, n'kulitsetserezera kumbuyo. Ukatero pankaoneka lina loyera, koma lakale lija lili pomwepo, likudikira tsiku limene udzalifunenso. Kapangidwe kameneka mukagwire bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ine ndinaphunzira kulemba pamchenga wa ku Malindi, kutsidya lakum'mawa kwa nyanja, kumene bambo anga anali msodzi mkati mwa sabata ndi wowerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu. Zimene ndinkalemba m'mawa, mafunde ankafufuta masana. Kenako panabwera sileti, limene tinkafufuta ndi malovu ndi chigongono. Musakwinye nkhope, nonsenu munachokera ku malovu amenewo. Kenako bolodi ndi choko. Zinthu zonsezi zinali ndi khalidwe limodzi, zinkaiwala, ndipo ndili mwana ndinkaganiza kuti kulemba ndi kotero basi: umalemba, wina n'kufufuta.

Nditamaliza maphunziro ku yunivesite, ananditumiza kukaphunzitsa pa kasukulu ka asodzi kufupi ndi Nkopola. Ophunzira anga sanali ana. Anali eni mabwato ndi eni makoka, ena aimvi, amene nyanja ankaidziwa ndi thupi lawo. Ntchito yanga inali kukambirana nawo za kukula kwa maso a ukonde, za nyengo yotseka nyanja pamene chambo chikuswana, ndi za kusamala injini. Ankabwera mosinthana, sabata ino a ku Chembe, sabata yamawa a ku Makanjira, ndipo gulu lililonse likafika ndinkayenera kujambulanso chambo pabolodi. Dzanja langa pa choko linali losadalirika. Tsiku lina chambo changa chinatuluka ngati mlamba, ndipo mkulu wina wa ku Chembe anafunsa mwaulemu wonse ngati nsomba imeneyo imapezeka ku yunivesite kokha.

Apo m'pamene ndinayamba kulingalira za pepala. Papepala ukhoza kujambula kamodzi, mofatsa, n'kugwiritsa ntchito chaka chonse. Komanso panali china chachikulu koposa. Asodzi akagwirizana mfundo n'kudzabweranso mwezi wina atasintha mawu, pabolodi panalibe mboni, koma pa tchati tinkangobweza mapepala m'mbuyo, aliyense n'kuona ndi maso ake zimene tinalemba pamodzi. Bolodi ndi la mphunzitsi, chifukwa ndiye agwira chofufutira. Tchati ndi cha onse amene ali m'chipindamo. Ndinkanyadira ganizo limeneli, monga achitira achinyamata ophunzira, ndipo sindinaganize n'komwe kuti m'zaka zimenezo chinthu chosaiwala chinkafunika kuchigwira mosamala.

Mapepalawo kunalibe m'sitolo iliyonse ya ku Mangochi. Ndinkakawatenga ku Blantyre, kwa anthu ena osindikiza mabuku amene ankakhala ndi zotsala. Ndinkawakulunga m'mphasa, n'kumanga ndi luzi, n'kuwakweza pamwamba pa basi. Ulendo umenewo inu simungaupirire. Basi inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo pa Liwonde tinkatsika kukawongola miyendo ndi kugula chinangwa chootcha ndi zitumbuwa zotentha za m'masamba a nthochi. Masiku ano mumalowa m'basi, kutseka makutu ndi timawaya, n'kudzidzimuka mwafika. Ife tinkafika titadziwa matenda a munthu aliyense ndi mayina a apongozi ake. Nkhondo yanga inali ndi kondakitala, amene nthawi zonse ankafuna kuika mphasa yanga pansi pa madengu. Nthawi ina anapambana, ndipo mapepala anga anagona pansi pa dengu la anyezi. Nyengo yonse imeneyo maphunziro a injini ankanunkhira ndiwo.

Zolembera nazo zinali ndi mavuto ake. Zinali zija za nsonga yofewa, ndipo kutentha kwa Okutobala kunkaziumitsa msanga. Tinkazitsitsimutsa ndi kadontho ka sipiliti, ngati munthu wokomoka. Zikafa ndithu, ndinkatafuna kamtengo ka mswachi mpaka nsonga yake itafewa, n'kukaviika m'botolo la inki. Zilembo zake zinkatuluka zonenepa, zooneka bwino ngakhale kwa wokhala kumbuyo, kungoti mphunzitsi ankapita kunyumba milomo ili yabuluu.

Matabwa opanira mapepala anandipangira ndi Che Amidu, kalipentala wa m'tauni, Msilamu wanthabwala amene ankakhoma maboti ndi zitseko. Nditamufotokozera zimene ndinkafuna, anandiyang'ana nthawi ndithu.

"Aphunzitsi, mukufuna buku lopachika pakhoma?"

"Ndi momwemo, Che Amidu."

"Nanga mukafuna kuwerenga muli chogona, mudzagwetsa khoma?"

Tinagwirizana kuti ayambe wapanga chimodzi choyesera kunyumba kwathu. Anachikhoma m'chipinda chochezera, pa msinkhu wanga, ndipo mukudziwa kuti ine Mulungu sanandimane kutalika. Ndinayesa kutembenuza mapepala, ndipo ankatsetsereka kumbuyo bwino lomwe. Pamwamba pa matabwa panalibe kanthu, khoma lokha mpaka kudenga.

Agogo anu aakazi, Abiti Juma, anachilandira ndi nkhope yolimba. "Abambo a Yohane, nyumba yanga si kalasi. Alendo akabwera azikhala m'mizere?" Mwezi usanathe, tchati chinali chawo. Iwo anali telala, ndipo anaona msanga kuti pepala limene ndamaliza kulembapo likukwana patani ya diresi lonse. Amayi ambiri a ku Nkopola anavala madiresi odulidwa potsata pepala limene kumbuyo kwake kunali chithunzi cha injini. Nyengo yadzinja ikayandikira, ankajambulapo munda, apa chimanga, apo mpunga, kuti tikangane tili m'nyumba m'malo mokakanganira padzuwa. Yohane, bambo ako iwe Upile, anaphunzira zilembo pamenepo ataimirira pa mtondo wovundikira. Chithunzi chake choyamba chinali cha ine: khosi lalitali ngati la kakowa, ndi milomo yabuluu. Agogo anu anakana kulidula pepala limenelo, ndipo mlendo aliyense ankamusonyeza asanamupatse madzi.

Tsopano ndikuuzeni lamulo lina la masiku amenewo, limene inu simunalione. Dziko linali ndi chipani chimodzi ndi Mtsogoleri mmodzi, ndipo chithunzi chake chinkapachikidwa m'ofesi iliyonse ndi m'sitolo iliyonse. Chinthu china chilichonse sichinkaloledwa kukhala pamwamba pa chithunzicho, kaya wotchi, kaya kalendala. Munthu wochita mwano ndi chithunzi chimenecho, ngakhale mwangozi, ankatengedwa, ndipo panalibe bwalo lokafunsako kuti abwera liti. Holo yathu ya pasukulu inali ya makoma aafupi. Chithunzi chinali kale pamalo apamwamba kwambiri, chopachikidwa pa chingwe, mutu wa felemu yake utaweramira kutsogolo pang'ono ngati munthu wosuzumira.

Ine ndi Che Amidu tinachita zonse mosamala. Tinayeza, tinayezanso, mpaka tinakhutira kuti matabwa athu ali pansi pa felemu, ndipo palibe msomali wathu umene ukupikisana ndi msomali wa boma. Tinayeza matabwa, amene sayenda. Pepala, limene limayenda, palibe mwa ife amene anaganiza zoliyeza.

Tsiku lotsegulira maphunziro a chaka chimenecho linafika m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Agogo anu anali ndi pakati pa Mariya, mayi ako iwe Dalitso, ndipo anatsala kunyumba. Holo inadzaza ndi asodzi, Asilamu ndi zisoti zawo zoyera, Akhristu ndi zipewa zawo pamaondo. Che Amidu anabwera kudzaonerera ntchito ya manja ake. Pakhomo panaima anyamata a chipani a malaya ofiira, ndi mkulu wawo, bambo wamtali amene sindinamuonepo akuseka. Mlendo wolemekezeka anali tcheyamani wa chipani wa dera lathu, Che Bwanali, mwini sitolo, munthu wamfupi wojintcha amene ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sanali munthu woipa mtima. Ankangokonda kutsegulira zinthu.

Pa pepala loyamba ndinali nditalemba mawu olandira alendo, ndipo pamwamba pake, monga mwa mwambo, dzina la Mtsogoleri ndi maudindo ake onse, ndi inki yofiira. A Tcheyamani atamaliza kulankhula, anayang'ana uku ndi uku.

"Aphunzitsi, riboni ili kuti?"

"Palibe riboni, a Tcheyamani."

"Nanga ine nditsegula chiyani? Ndabwera kudzatsegula."

Ndinawapempha kuti atsegule maphunziro potembenuza pepala loyamba. Anakondwera nazo. Koma atayandikira, ndinaona kuti dzanja lawo silingafike pamwamba pa matabwa, ndipo ndinawakokera kampando.

"Kampando n'ka ana, aphunzitsi," anatero mokweza kuti onse amve. "Ine ndatsegula zitsime, ndatsegula misika. Pepala lingandikanike?"

Anagwira pepala kumunsi ndi manja onse awiri, anawerama pang'ono, n'kuliponya m'mwamba ndi mphamvu zonse, monga aponyera msodzi chingwe kwa mnzake ali kumtunda. Pepala linakwera bwino kwambiri. Linapitirira matabwa, linapitirira felemu, nsonga yake n'kupindikira kuseri kwa mutu wa felemu uja woweramira kutsogolo. Linakola pamenepo. Chithunzi chonse chinaphimbika.

A Tcheyamani sanaone. Anali atatembenukira kale kwa anthu, manja atatambasula, akumwetulira, akudikira kuwomba m'manja.

Ana inu, ndaphunzira mabuku a nzeru zakuya, koma sindinakumanepo ndi funso lovuta ngati limene linagwera holo ija. Kusawombera m'manja tcheyamani wa chipani unali mlandu. Kuwombera m'manja munthu amene wangophimba nkhope ya Mtsogoleri unali mlandu woposa. Asodzi anakweza manja mpaka pachifuwa n'kuwasiya pamenepo, osagundana, ngati anthu osonyeza kukula kwa nsomba imene inawapulumuka. Ine ndinaona zonse bwinobwino, monga zimachitikira munthu akachita mantha enieni. Tchati ndinachibweretsa ndine. Malo ake ndinasankha ndine. Wopempha a Tcheyamani kuti atembenuze pepala ndinalinso ine. Ndinaganiza za agogo anu ali kunyumba ndi mimba yawo, ndipo ndinadziwa kuti mwina mwana ameneyo ndidzamuona akuyenda kale.

Kumwetulira kwa a Tcheyamani kunayamba kuzirala. Anatsata maso a anthu, anatembenuka, anayang'ana m'mwamba. Khosi lawo linachita thukuta nthawi yomweyo. Anayang'ana ine, anayang'ana mkulu wa anyamata pakhomo paja, amene ankayang'ananso iwo osaphethira. Kenako munthu wamfupi uja anachita chinthu chimene mpaka lero ndimachilemekeza. Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Anthu inu! Tayamba bwanji msonkhano osapemphera? Ndani wakonza pulogalamu yotere? Aliyense atseke maso! Aliyense, ndati! Inunso a pakhomo, Mulungu sasankha malaya. Aphunzitsi, inu ndinu mwana wa tchalitchi, tipempherereni. Ndipo musafulumire."

Muyenera kudziwa kuti abale athu Achisilamu popempha kwa Mulungu amatambasula manja, maso ali otsegula. Tsiku limenelo ndinasuzumira kamodzi ndisanayambe, ndipo ndinaona akuluakulu a mzikiti atatsinzina mwamphamvu mpaka nkhope zawo zitachita makwinya. Ndinatseka anga, n'kuyamba.

Ndinathokoza chifukwa cha tsikulo. Ndinamva kampando kaja kakukwekwerezedwa pasimenti. Ndinapempherera Mtsogoleri, moyo wake ndi thanzi lake, ndipo sindinapempherepo moona mtima chotero. Ndinamva nsapato zikukwera, ndi kupuma kwa munthu wonenepa amene akudzitambasula. Pepala linachita phokoso, koma silinatsike. Ndinapempherera mvula. Ndinapempherera nyanja, ndi mphepo zake, mwera ndi mpoto, iliyonse payokha. Kampando kanalira. Ndinayamba kutchula nsomba: chambo, kampango, utaka, usipa, ncheni, ndipo mayina atandithera ndinapempherera ndi ng'ona zomwe kuti zikhale ndi mtima wachifundo. Wina kumbuyo anati "Amina" msanga, pofuna kundithandiza, koma liwu la a Tcheyamani linachokera m'mwamba, pafupi ndi denga: "Sanamalize!"

Ndinalowa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Chembe kutsika mpaka kumtsinje, kuwoloka, kukwera tsidya linalo. Ndili pafupi kufika kwathu ku Malindi, ndinamva pepala likung'ambika, kung'ambika kwautali kosabisika. Kenako kupindapinda kofulumira, nsapato zikutsika, kampando kakubwerera pamalo pake, ndi kutsokomola kumodzi. Ndinati, "Amen."

Titatsegula maso, Mtsogoleri anali pamalo pake, akutisuzumira monga mwa masiku onse. Pa tchati pankaoneka pepala lachiwiri, la maso a ukonde. A Tcheyamani anaima chilili, jekete litafufuma mbali imodzi, n'kunena kuti maphunziro atsegulidwa. Kuwomba m'manja kumene kunatsatira kunamveka mpaka kumsewu. Ndinaphunzitsa tsiku limenelo, ndipo sindinakhalepo ndi kalasi yomvetsera chotero, pakuti aliyense ankayang'anitsitsa tchati poopa kukweza maso. Potuluka, Che Amidu anandinong'oneza: "Aphunzitsi, chibadwire ine sindinatsekepo maso popemphera. Lero ndaona kuti nanunso muli ndi nzeru zanu."

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Pobwerera kunyumba ndinaisanthula mofatsa, ndipo sinandikomere. A Tcheyamani anali ndi njira yapafupi yodzipulumutsira: kukanena okha, ena asananene, kuti mphunzitsi wa ku yunivesite anawatchera msampha. Anthu ophunzira tinkakayikiridwa kale, ndipo akanawakhulupirira. Mkulu wa anyamata uja nayenso anali ndi njira yapafupi yokwerera pa udindo: kukanena a Tcheyamani, ine n'kupita nawo limodzi ngati nyambo pa mbedza. Ndipo palibe ankadziwa ngati bambo ameneyo anatsekadi maso.

Nditawafotokozera agogo anu, anaseka mpaka kugwira mimba pa nkhani ya ng'ona. Atatha kuseka anaimirira, anatenga chikwama, anaikamo bulangete, sopo ndi juzi, n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Chinali changa, choti ndidzanyamule akadzabwera kudzanditenga. Masiku otsatira, galimoto iliyonse ikamachepetsa liwiro pamsewu, makina awo osokera ankaima, n'kudzayambanso galimotoyo itapitirira.

Amene anabwera sanabwere pa galimoto. Masana ena tinaona Che Bwanali akutsika panjinga, ali okha, jekete lili pathupi. Agogo anu anawalandira, anawapatsa mpando, n'kutulutsa mbaula pakhonde kuti aphike tiyi. A Tcheyamani anakhala moyang'anana ndi tchati chathu cha kunyumba. Anachiyang'ana monga munthu ayang'anira galu amene anamulumapo.

"Muli nacho china kuno," anatero.

"Ichi n'cha mayi, a Tcheyamani. Amadulira madiresi."

"Pamwamba pake palibe kanthu?"

"Palibe kanthu."

"Mwachita bwino." Anapukuta thukuta. "Aphunzitsi, tsiku lija munapemphera bwino. Anthu akuyamikira. Kodi mkati mwa pemphero munaonapo china chachilendo?"

"Ndinali nditatseka maso, a Tcheyamani."

"Inenso. Tonse tinatseka." Anasendeza mpando pafupi nane. "Mkulu wa anyamata uja ndinamufunsa. Ndinamuuza kuti ngati pali chimene anaona, ndiye kuti anatsegula maso pamene tinkapempherera moyo wa Mtsogoleri, ndipo ndiyenera kudziwa chifukwa chake. Waganiza, wapeza kuti sanaone kanthu."

Ndinamva mapewa anga akutsika. Koma a Tcheyamani sanamasuke. Anati mapepala a kusukulu afupikitsidwe, kuti ngakhale munthu wamphamvu ngati iwo awaponye, asafike pa felemu. Agogo anu anayankhira ali pakhomo: "Ndidzawadula ndine, a Tcheyamani. Boma lathu n'labwino, madiresi likuti atalike, mapepala afupike. Telala sadzasowa ntchito." Ine mtima unandiima, koma Che Bwanali anangotulutsa mpweya m'mphuno, kumene kwa iwo kunali kuseka.

Kenako anayang'ana kumsewu, anapisa dzanja m'jekete, n'kutulutsa chinthu chopindidwapindidwa, chonyowa ndi thukuta. Linali pepala lija. Analitambasula pang'ono pamaondo, ndipo ndinaona chimene chinkawasowetsa mtendere: linang'ambika pakati penipeni pa dzina la Mtsogoleri, zilembo zofiira zina mbali iyi, zina mbali inayo.

"Ndayenda nalo masiku onsewa," anatero ndi liwu lotsika. "Kusitolo sindingalisiye, anyamata anga amafufuza paliponse. Kunyumba, mayi akunyumba amapisa m'matumba. Kudzala sindingataye, wina atola. M'nyanja, inu mukudziwa, makoka amavuula chilichonse. Jekete ili sindinalivule, aphunzitsi, ngakhale pogona. Inkiyi ndi yanu, kung'ambaku ndi kwanga. Titani nalo?"

Ndinayamba kuyala maganizo anga mwadongosolo, monga ndinaphunzitsidwira, njira yoyamba ndi kuipa kwake, njira yachiwiri ndi kuipa kwake. Ndisanafike pa yachitatu, agogo anu analowa, anagwada mwaulemu monga achitira polandira mbale kwa mlendo, n'kutambasula manja onse awiri.

"A Tcheyamani, makala anga ndi onyowa, akukana kuyaka, ndipo tiyi wanu akuchedwa. Mungandithandizeko ndi kapepala kalikonse?"

Che Bwanali anawayang'ana, anayang'ana pepala, n'kuliika m'manja mwawo. Agogo anu anaimirira movutikira ndi mimba yawo, anafika pakhomo, n'kutembenuka.

"Kodi tipempherenso, a Tcheyamani?"

"Tipemphere, mayi," anayankha. "Koma aphunzitsi, lero mwachidule. Ng'ona zisiyeni."

Tinatseka maso, ine ndi tcheyamani wa chipani, awiriwiri m'chipinda chochezera dzuwa likuswa mtengo. Ndinathokoza chifukwa cha chakumwa chimene tinali pafupi kulandira, ndipo ndisanafike patali ndinamva fungo la utsi likulowa kuchokera pakhonde. Titati amen, Che Bwanali anaimirira, anavula jekete, n'kulipachika pampando. Aka kanali koyamba kuona mikono yawo. Anamwa makapu a tiyi mpaka ketulo inauma, anadya zitumbuwa zonse za Yohane, n'kupita akuimba mluzu panjinga.

Madzulo a tsiku limenelo agogo anu anatulutsa bulangete m'chikwama n'kulibwezera pabedi. Mvula yoyamba itagwa, Mariya anabadwa, ndipo amene anathamanga m'matope kukaitana azamba ndinali ine.